Chithunzi cha pa Chulu cha ku Zemba

Ku Pembamoyo, chaka changa choyamba pa ntchito

Ana anga, za ubwana wanga mukuzidziwa kale, ndipo zina zimene simukuzidziwa si zolemba. Ndiyambira tsiku limene lole ya boma inanditsitsa ku Pembamoyo ndi sutikesi ya malata, njinga yopanda mabuleki ndi dzina latsopano lakuti mlangizi wa zaulimi. Ndinali mnyamata wowonda, wodzimva kuti sukulu ndinaimwa yonse. Ntchito yanga inali kuyendera minda ya chimanga ndi mtedza, kenako kulemba timapepala touza alimi nthawi yobzala, kutalikirana kwa mapando ndi kasungidwe ka mbewu. Kupalasa njinga sikunandivute. Chimene chinandikhaulitsa ndi kulemba.

Bwana wanga woyamba anali a Sakala, munthu wamtali wosaseka, amene ankabwera kuchokera ku boma pa njinga yamoto. Ndikawapatsa pepala langa ankaliwerenga chiimirire, n'kutulutsa cholembera chofiira, n'kudula mzere umodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi. "Kalembenso, Mbewe." Ndikafunsa kuti ndalakwitsa pati, ankangoti, "Ukudziwa wekha," n'kuliza njinga yawo. Ine ndinkatsala pa msewu ndi fumbi m'maso, osadziwa chokonza. Mapepala nthawi imeneyo anali osowa, moti ndinkalemba kumbuyo kwa zikalata zakale za feteleza, ndipo inki ya makina osindikizira tinkaisungunula ndi palafini kuti ifike kumapeto kwa mwezi. Mzere wofiira uliwonse unkandidyera pepala limene ndinalibe. A Sakala ndinawakhululukira kalekale, Mulungu ause mzimu wawo, koma ndinatsimikiza mumtima kuti ine sindidzakana ntchito ya munthu popanda kumuuza chifukwa.

Zaka za ku boma la Chadiza

Atandisamutsira ku ofesi ya ku boma ndinapeza a Mayi Tembo. Amenewa ndiwo anandiphunzitsa kulemba. Iwo sankadula mzere. Ankandikhazika pa mpando, n'kuitana mayi wogulitsa zitumbuwa pa khonde, n'kundiuza kuti ndimuwerengere pepala langa mokweza. Mayiyo akakwinya nkhope, a Mayi Tembo ankati, "Imani pomwepo. Apa mwalembera anzanu a ku koleji, simunalembere mlimi." Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake amataya nthawi yonseyi pa kapepala kamodzi. Anati, "A Mbewe, munthu ukamukana umuuze pamene pakudwala. Ukangoti ayi basi, sunamuphunzitse kanthu, wangomuonetsa kuti ndiwe bwana."

Makompyuta anatipeza tsitsi langa litayamba kuyera. Anabwera awiri, mphatso ya bungwe lina, ndipo tinawalemekeza mpaka kuwasokera nsalu zofunda. Patapita chaka mapulogalamu ake anayamba kufuna chilolezo chatsopano chimene ofesi inalibe, ndipo makompyuta aja anasanduka matebulo oikapo makapu. Kenako kunabwera katswiri wina wochokera ku Chipata amene anafufuta zonse n'kuikamo pulogalamu ina. Ine ndi mantha anga a munthu wa boma ndinamukokera pambali. "Achimwene, zimenezi mwaba kuti? Tisamangidwe nazo." Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anandifotokozera kuti pali mapulogalamu opangidwa poyera, amene aliyense angathe kuwagwiritsa ntchito ulere, kuona mmene anapangidwira mkati, ngakhale kuwakonza akapeza pothothoka. Amene amawapanga ndi anthu a m'mayiko osiyanasiyana, ambiri osadziwana nkhope. Ndinamuuza kuti kwathu timati dima, pamene mudzi ukumana kulimira limodzi munda, kungoti pa dima pamakhala mowa. Iye anati apa mowa palibe, pali dzina lako lokha lolembedwa pa mzere umene walima.

Nditapuma ntchito

Amayi anu ankaganiza kuti ndikapuma ndidzagwira khasu. Ndinagwira laputopu yakale imene munandigulira. Ndinalowa m'gulu la anthu opanga pulogalamu ina yoyezera minda. Mlimi amayenda ndi foni kuzungulira malire a munda wake, n'kujambula chithunzi pa ngodya iliyonse, ndipo foniyo imamuuza kukula kwa mundawo ngakhale kulibe netiweki. Ine za mkati mwa pulogalamu sindizidziwa mpaka lero. Gawo langa linali kuwerenga malangizo olembedwa m'chilankhulo chathu ndi kuona ngati mlimi angawamve.

Gululi linali ndi malamulo ake, ndipo awiri ndi amene muyenera kuwadziwa kuti nkhaniyi muimve. Loyamba, chilichonse chimene munthu wapereka chimaikidwa poyera, ndipo mbiri yake imasungidwa. Ukasintha mawu lero, akale satayika, aliyense angabwerere kukawaona. Lachiwiri, wowerenga ntchito ya mnzake akaikana amalemba chifukwa chake pomwepo, pamaso pa onse. Lamulo lachiwirili ndinalikonda kwambiri. Ndinkachita ngati a Mayi Tembo ndiwo analilemba. Amene ankayang'anira zolembedwa anali mayi wina wa kutsidya kwa nyanja dzina lake Helena, amene sindinamuonepo nkhope. Ataona kuti ndine nkhalamba ya nthawi yambiri, anandipempha kuti ndizilangiza achinyamata ofuna kuyamba kulemba. Wachinyamata aliyense ankakhala ndi mlangizi wake, ndipo zolemba zake sizikanalowa m'buku la malangizo popanda dzina la mlangiziyo pansi pake.

Chaka cha Misozi, nyengo yokolola

Misozi Phiri anagogoda pa khomo pathu ndi laputopu yomangidwa ndi mphira. Anali atamaliza giredi 12, malo a ku koleji sanapeze, ndipo ankathandiza pa kashopu kena kosindikiza mapepala pa msika. Amayi ake anali ku Zemba, mayi wamasiye wolima mtedza pa munda umene anapatsidwa ndi mlongo wawo, malume ake a Misozi. Koma iye anakulira kuno ku boma kwa azakhali ake pafupi ndi parishi, kotero za kumudzi ankazidziwa ngati mlendo wa pa Khirisimasi.

"Atate, a Helena akuti ndinu mlangizi wanga. Nifuna kulemba za pulogalamu iyi kuti anthu a kwathu aidziwe."

Ndinamufunsa ngati analembapo kanthu. Anatsegula laputopu n'kundionetsa masamba odzaza mawu akuluakulu otembenuzidwa kuchokera ku Chingerezi, ofanana ndendende ndi amene ndinkalemba ine ku Pembamoyo. Ndinaitana amayi anu kuchokera kumene ankasenda mtedza, ndipo ndinauza mtsikanayo kuti awerenge mokweza. Asanamalize ndime yoyamba, amayi anu anati, "Kodi mwanayu akutiitanira ku msonkhano wa chipani?" Misozi anachita manyazi, kenako anaseka. Pa kusekako ndi pamene ndinadziwa kuti adzakhala mlembi, chifukwa mwana wosachedwa kupsa mtima ntchito iyi saitha.

Ankabwera masana dzuwa likapendeka, n'kukhala pa khonde, magetsi akakhalapo. Ndinamuphunzitsa kuyamba ndi zimene mlimi wagwira m'manja, osati zimene zili m'mutu mwa katswiri. Ndinamuphunzitsa kulemba chinthu chimodzi pa mzere umodzi, ndi kuyesa yekha chilichonse asanauze wina kuti achite. Anali wamakani, ndipo makaniwo ndinawathirira ndekha. Tsiku lina munthu wina wa m'gulu anakana ndime yake ndi mawu awiri okha, iye n'kufuna kungoichotsa. Ndinamuletsa. "Mfunse chifukwa. Pano palibe bwana. Munthu akakuuza ayi wopanda chifukwa, usamumvere, ngakhale atakhala ine." Anafunsadi, ndipo zinapezeka kuti munthu uja sanawerenge bwino. Misozi anabwera akuvina. Ine ndinanyada, osadziwa kuti ndasula mpeni wodzandicheka ndekha.

Ntchito yake yaikulu inali mutu wathunthu wophunzitsa kuyeza munda kuyambira ngodya yoyamba mpaka yomaliza, ndi zithunzi zenizeni. Anasankha munda wa amayi ake. Mutuwo ukalandiridwa, unkayenera kulowa m'buku latsopano limene linkatuluka mvula isanagwe, ndipo achinyamata amene zolemba zawo zalowa anali kudzaitanidwa ku msonkhano wa gululi ku Lusaka. Misozi anali asanapondepo ku Lusaka. Anali atagwirizananso ndi aphunzitsi a sukulu ya ku Zemba kuti adzaonetse mutuwo pa khoma la kalasi, alimi onse a m'deralo atasonkhana, amuna, akazi ndi ana omwe.

Chilimwe cha chaka chomwecho

Anapita ku Zemba udzu utapsa ndipo mitengo itayoyola masamba. Atabwerako anatumiza mutu wake poyera, monga mwa lamulo, kenako anandiimbira foni. "Atate, naika. Werengani musaine." Ndinawerenga m'mawa ndi kapu ya tiyi, ndipo ndikunena zoona, mwanayo anali atalemba bwino kuposa mmene ine ndinalemberapo m'moyo wanga wonse. Mawu anali oyera, oyenda mwadongosolo, oti mayi wa zitumbuwa uja sakanakwinya nawo nkhope. Maso anga ndi ofooka, kotero chithunzi chilichonse ndimachikulitsa mpaka chidzaze galasi lonse. Ndinatero ndi choyamba, chachiwiri, mpaka ndinafika pa cha ngodya ya kum'mawa, chimene anajambula ataima pa chulu. Tiyi uja anazizira m'kapu.

Munda wa amayi ake umathera pafupi ndi nkhalango ya manda. M'nkhalango zotere ndimo mumakhala dambwe, malo obisika amene amuna a gule wamkulu amakonzekerako, kumene mkazi kapena mwamuna wosavinidwa safika ndipo sayang'anako. Nthawi ya dzinja masamba amatseka zonse. Koma chilimwe chimenecho moto unali utadutsa, chulu chinali chachitali, ndipo foni za masiku ano zimaona patali kuposa diso. Pakona pa chithunzicho, pakati pa mitengo, panali kadontho kamene munthu wongodutsa sakanakaona. Nditakulitsa ndinaona zimene zinali pamenepo. Sindilemba pano kuti zinali chiyani, ndipo musadzandifunse.

Mukudziwa kuti ine ndinavinidwa ndili mnyamata, ndisanabatizidwe. Anzanga onse a msinkhu wanga amadziwa zimenezi, ngakhale abambo mfumu a ku parishi amadziwa. Nditakwatira amayi anu ndinalowa Chikatolika ndipo ku dambwe sindinapitenso. Koma zimene ndinalonjeza kumeneko madzi a ubatizo sanazitsuke, ndipo sindinafunepo kuti azitsuke. Ndinakhala pa mpando ndikuganizira khoma la kalasi ya ku Zemba, chithunzicho chitakula kuposa chitseko, amayi ndi ana atakhala kutsogolo, amuna ataima kumbuyo. Mlandu wake sukanagwera Misozi yekha. Ukanagwera amayi ake, amene mwana wawo anaima m'munda mwawo n'kuloza foni ku manda. Ukanagwera malume ake, amene anali munthu wamkulu pa za gule m'mudzimo. Mundawo ukanatha kulandidwa, ndipo Misozi sakanapondanso ku Zemba ngati mwana wa pakhomo.

Misozi atabwera masana ndinayamba mozungulira. "Mwanawe, walemba bwino zedi. Koma chithunzi cha pa chulu chija tichichotse. Ujambule china."

"Chalakwa chani, atate? Ndiye chooneka bwino kuposa zonse. Pamene paja ndi pamene malire akhota, ndipo ndime yonse ikufotokoza pamenepo."

"Chayang'ana ku manda. Kumanda sitijambula."

"Manda sakuoneka, ni mitengo chabe. Ndipo m'buku lakale muli zithunzi za minda ya pafupi ndi manda, munazivomera ndinu."

Ankanena zoona. Ndinagwira njakata. Ndikanati ayang'ane pakona, ndiye kuti ndamuonetsa ndi chala changa chinthu chimene ndinalumbira kusaonetsa mkazi. Ndikanalemba chifukwa poyera, ndiye kuti ndaitana dziko lonse kuti likulitse chithunzicho. Ndikananama kuti chithunzicho n'chosawala, akanandigwira bodza nthawi yomweyo, popeza ndinamuphunzitsa ndine kuyesa chilichonse. Ndinangoti, "Chifukwa chilipo, ndipo n'chachikulu. Koma sindingakuuze."

"Atate, munati munthu akaniuza ayi wopanda chifukwa nisamumvere, ngakhale atakhala inu."

"Ndinatero."

"Manje?"

"Tsopano ndikukupempha kuti undimvere."

Anatseka laputopu, n'kuimanga ndi mphira wake, n'kutsazika amayi anu mwaulemu. Ine sananditsazike.

Ndinalemba poyera mawu ochepa: ndikupempha kuti chithunzi chimodzi chisalowe, chifukwa ndikuchidziwa koma sindingachilembe. Sindinatchule kuti ndi chiti, poopa kulozera anthu. Helena anayankha mwaulemu wake wa nthawi zonse. Anati amandikhulupirira, koma lamulo ndi la onse, ndipo kukana kopanda chifukwa sikuwerengedwa. Anandifunsa ngati ndingamuuze iye yekha mwamseri. Ndinaseka ndekha mowawa, chifukwa mayiyo sankadziwa kuti nayenso ndi mkazi wosayenera kumva. Ndinamuyankha kuti sindingathe. Iye anati ngati ndi choncho kukana kwanga kwagwa, ndipo chatsala ndi dzina langa pansi pa mutuwo.

Apa ndi pamene panali chisankho chovuta kuposa zonse zimene ndinachitapo pa ntchito. Dzina langa ndilo linali chitseko chomaliza. Ndikasaina, mutu ulowa m'buku, Misozi apita ku Lusaka, ndipo chithunzi chifika pa foni ya mlimi aliyense m'boma lino. Ndikakana kusaina, nthawi yopezera mlangizi wina inali itatha, buku lituluka popanda iye. Amayi anu anandiona ndikuyenda uku ndi uku pabwalo ndipo anafunsa chimene chandilowa. Nditawauza kuti ndi nkhani ya kumanda, sanafunsenso. Anangoti, "Mwana uja amakukondani ngati bambo ake. Mukonzeke kudedwa." Ndinapita ku parishi masana, ndinakhala pa benchi la kumbuyo m'tchalitchi mopanda anthu, ndipo sindinapemphere mawu aliwonse omveka. Ndinkangoona nkhope ya a Sakala ndi cholembera chawo chofiira. Moyo wanga wonse ndinathawa kukhala munthu ameneyo, ndipo ku ukalamba ndinayenera kudula mzere womwewo pa pepala labwino kwambiri limene ndinawerengapo. Ndinabwerera kunyumba n'kuchotsa dzina langa.

Tsiku lotsatira ndinamulondola Misozi ku shopu ya pa msika. Ankasindikiza mapepala a munthu wina ndipo sanatukule mutu. Ndinadikira munthuyo achoke.

"Misozi, za buku ndakulakwira, ndipo sindikana. Koma mutuwo uli nawo mu laputopu, ungathe kuuonetsa ku Zemba popanda ine. Ndikupempha chinthu chimodzi. Usanauike pa khoma, ukawaonetse amako chithunzi chija muli awiriwiri m'nyumba. Uwauze pamene unaima ndi kumene unayang'ana."

"Amayi ndiwo akhala oyang'anira pulogalamu tsopano?"

"Ayi. Ndi eni ake munda."

"Mwanichotsera Lusaka, atate. Miyezi yonse ija." Anatembenukira ku makina kuti ndisaone misozi. Ndinatuluka ndi mtima wolemera ngati thumba la chimanga chonyowa, osadziwa ngati adzandimvera.

Zimene zinachitika ku Zemba ndinazimva kwa azakhali ake, titakumana pa chigayo. Misozi anapitadi kwa amayi ake, atakwiya, cholinga chake n'choti akatsimikize kuti nkhalamba ya ku boma yasokonezeka mutu. Anatulutsa foni n'kunena kuti akufuna kuwaonetsa chithunzi cha munda. Amayi ake anafunsa kuti anaima pati. Anati pa chulu. Anafunsa kuti anayang'ana kuti. Anati kum'mawa. Anafunsanso kuti unali mwezi uti. Atamva, mayiwo sanayang'ane foniyo n'komwe. Anamasula chitenje cha m'chiuno, n'kuiphimba ili m'manja mwa mwana wawo, n'kutseka chitseko. Kenako anakhala pansi n'kufunsa monong'ona kuti, "Aona angati?"

Misozi analembera Helena yekha. Anati chithunzicho anajambula ndi iye, eni ake malo sanavomere, ndipo akupempha kuti chifufutidwe ngakhale m'mbiri yosungidwa ija. Kufufuta mbiri ndi chinthu chimene gululi silichita wamba, koma pa nkhani ya chithunzi chojambulidwa popanda chilolezo lamulo linkalola, mwiniwake akapempha. Anachifufuta. Ngati pali munthu wina kutali amene anachikopera m'masiku amene chinali poyera, sindidziwa, ndipo nthawi zina zimandisowetsa mtendere. Sindinamufunse Misozi ngati iye anachikulitsapo asanachichotse, ndipo iye sanandiuze.

Buku linatuluka popanda dzina lake. Anzake anakwera basi ya ku Lusaka, iye ali pa msika kusindikiza mapepala a anthu. Msonkhano wa pa sukulu ya ku Zemba unachitika mochedwa, ndi chithunzi china chojambulidwa atafulatira nkhalango, ndipo ndinamva kuti alimi anaomba m'manja. Mutu wake unalowa m'buku lotsatira, koma pansi pake panali dzina la mlangizi wina wa ku Katete amene anapempha yekha. Ndinauwerenga wonse. Anali atawonjezera ndime yaifupi youza woyeza munda kuti asanajambule afunse akuluakulu a pamalopo kumene foni isaloze, ndipo akamuletsa asaumirire. Ndimeyo sanandionetse isanatuluke. Pa khonde pathu sanabwerenso, ndipo tikakumana ku tchalitchi ankapereka moni wa ulemu wokhawokha, wopanda mano. Zinandipweteka kwambiri, ana anga, kuposa mmene ndinkaonetsera. Helena naye sanandipatsenso wachinyamata wina woti ndimulangize, ndipo sindimuimba mlandu.

Chaka chotsatira, mvula itatha

Malume ake a Misozi anamwalira. Ndinkawadziwa kuyambira unyamata, kotero ndinakwera njinga ya kabaza kupita ku Zemba. Anali maliro aakulu, ndipo popeza malemuwo anali munthu wa mwambo, gule anatuluka kudzawaperekeza. Ndinakhala ndi amuna pansi pa mtengo wa mango, ng'oma zikugunda mpaka m'chifuwa. Akatolika ena anaima patali monga amachitira, ena anasendera pafupi monga amachitiranso. Maso anga ofookawa anafufuza ku mbali ya akazi mpaka anamupeza Misozi. Anali pa mphasa ya abale enieni, pafupi ndi amayi ake, duku kumutu, chitenje chofanana ndi cha azibale ake. Nyimbo sankazidziwa bwino, ankangotsatira milomo ya anzake, koma m'manja ankaomba nawo. Mayi wina wachikulire anamugwira paphewa pamene bokosi linkatuluka, ndipo iye anatsamira mutu pa mayiyo n'kulira.

Titabwerako ku manda, atsikana anazungulira ndi madzi osamba m'manja. Ndinaona beseni laima patsogolo panga, ndipo nditatukula maso anali iyeyo, atagwada. Anayamba kuthira madzi pang'onopang'ono.

"Mwafika, atate."

"Ndafika, mwanawe. Pepa ndi zovutazi."

Anayang'ana amuna amene anali pafupi, n'kutsitsa mawu. "Chifukwa chija simudzaniuza?"

"Sindidzakuuza."

"Ngakhale nikakalamba?"

"Ngakhale ukakalamba."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva zimene ankayembekezera. Madzi anali atasiya kuthira, jagi ili m'malere. "Mtima wanga sunapole bwino, atate. Lusaka ija imanibwerera."

"Ndikudziwa."

"Koma malume nawalira nili pa mphasa ya amayi. Palibe amene waniloza chala."

Anadzuka n'kupita kukagwada kwa munthu wotsatira. Ine ndinatsala manja ali m'mwamba akudontha, ndipo mkulu amene anakhala pambali panga anandigwira bondo n'kunena kuti ndilimbe mtima, poganiza kuti ndikulirira malemu.